Chikuto cha Chikopa Paboda

Ofisala wa paboda ankatulutsa mabuku m'katoni limodzilimodzi n'kumawayala patebulo. Esitele anangoima, manja atawabisa m'chitenje. Panja malole anali atandandalikana mpaka kutali, ndipo dzuwa la Okutobala linkawotcha malata a ofesi ya paboda.

Mabukuwo anali olembamo chabe, opanda mawu m'kati. Esitele ankawasoka yekha kwawo ku Guilleme. Lusoli analiphunzira ali mtsikana, pothandiza wansembe wina wokalamba kukonza mabuku akale a pamishoni amene chiswe chinkawadya. N'chifukwa chake mabuku ake onse ankaoneka achikale: msana wa mizere yotumphuka, timaluwa todinda ndi chitsulo chamoto m'makona, ena okuta ndi chitenje, ena ojambula mbalame pachikuto. Anawanyamula kuti akayese msika wa ku Chipata, koma ulendo weniweni unali wa ukwati wa mwana wake Princess, umene unali Loweruka.

Ofisalayo anali mtsikana wamsinkhu wa Princess yemweyo, wosasekerera. Atafika pa buku lomaliza, lokulunga m'mpango, analiyesa kulemera kwake m'manja, kenako anagogoda chikuto ndi chala.

"Bwanji ili chikuto chake n'chochindikala chonchi, mayi?"

"Ndi mmene ndinalipangira, madamu. Limenelo si la malonda."

"M'kati mwa chikutochi muli chiyani?"

"Makatoni basi."

"Anthu akumadutsitsa miyala yamtengo wapatali m'zikuto zoterezi. Ndiyenera kuonamo." Anakoka dirowa n'kutulutsamo lumo.

Esitele anayang'ana lumolo. Chikopa chimene anakutira bukulo chinachokera ku chikwama cha malemu mwamuna wake Vitus, dalaivala wa lole amene anafa pangozi Princess ali kusekondale. Princess ataimba foni kunena kuti akufuna chinthu cha bambo ake chikhale pafupi naye tsiku laukwati, Esitele anatsitsa chikwamacho pamsomali. Chinali chitatha. Mbali imodzi yokha ndi imene inali yabwino, ndipo inangokwanira chikuto chimodzi ndendende. M'bukumo alendo a paukwati amayenera kukalembamo mawu awo.

"Madamu, chikopachi n'chakale. Mukachidula chonchi chithetheka."

"Ndiye lisiyeni pano. Akuluakulu adzaliona Lolemba."

"Ukwati ndi Loweruka."

Mtsikanayo anaika lumo pambali pa buku n'kupinda manja. Anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza.

Pamenepo analowa Rabson, mng'ono wake wa Vitus, amene anamunyamula Esitele pa lole yake kuchokera ku Guilleme. Atamva zimene zinkachitika, anamukokera pafupi ndi khomo.

"Alamu, auzeni kuti mwasintha maganizo, mukubwerera kunyumba," ananong'ona. "Kuseri kwa msika kuli akabaza odziwa njira za m'minda. Ine ndikakudikirani tsidya linalo."

"Nanga akandigwira?"

"Anthu amadutsa tsiku lililonse."

"Ndafunsa kuti akandigwira ineyo."

Rabson anakanda m'mutu. "Ndiye mulole kuti adule chikwama cha achimwene?"

Esitele anayang'ana panja, pomwe akabaza anali atatsamira njinga zawo pamthunzi. Zinkaoneka zosavuta: kukulunga bukulo m'mpango, kukwera njinga, n'kukafika kwa mwana wake lili bwinobwino. Koma ankadzionanso atakhala pansi m'chitokosi, Princess akulowa m'tchalitchi wopanda bambo, wopandanso mayi. Ofisala uja anali akuwayang'ana, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti akudziwa zimene ankanong'onezana.

Esitele anabwerera patebulo.

"Madamu, ngati n'kudula, ndipatseni lumolo ndidule ndekha."

Mtsikanayo anazengereza, kenako analikankhira kwa iye ndi chala.

Esitele anatsegula bukulo n'kuyambira m'kati, pamene pepala lamaluwa linaphimba mphepete mwa chikopa. Anamatula pepalalo pang'onopang'ono. Thukuta linkamulowa m'maso, koma analibe dzanja lopukutira. Analowetsa lumo pansi pa chikopa n'kumachitukula pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Guluu anali atagwira zolimba, monga mmene iye mwini anafunira. Kona yoyamba inamatuka. Yachiwiri inamatukanso. Pakona yachitatu chikopa chinalira, thee! Mng'alu unathamanga kuchokera m'mphepete mpaka kutsogolo, n'kudula pakati duwa limene analidinda mosamala kwambiri.

Rabson anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma.

Pansi pa chikopa panali makatoni a sopo omatikizana, zilembo zake zofiira zikuonekabe. Wina pamzere anaseka, mnzake n'kumuletsa. Ofisala analekanitsa makatoniwo ndi chikhadabo, anawaunika pawindo, anasisita paliponse. Kenako anatembenuza bukulo.

"Chakumbuyonso, mayi."

"Madamu!" anakuwa Rabson. "Simwaona kale?"

"Alamu, khalani chete," anatero Esitele osadzutsa mutu.

Anatolanso lumo. Choopsa chinali chitachitika kale. Chikuto chakumbuyo chinamatuka chonse popanda kung'ambika, ndipo munali makatoni omwewo. Ofisala anawaona, anawabwezera m'malo mwake, ndipo anapinda yekha mpango uja pamwamba pa bukulo, mosamala kuposa mmene anautsegulira.

"Ndi ntchito, mayi," anatero motsitsa mawu. "Mukayende bwino."

Mu lole Esitele anafukata bukulo pamiyendo, akufunafuna mawu okamuuza mwana wake, koma mpaka kulowa m'Chipata sanawapeze.

Anapeza Princess pakhonde la nyumba ya azakhali ake, anzake akumuluka tsitsi. Anadzuka tsitsi lili theka n'kuthamangira mayi ake. Atalonjerana, maso ake anagwera pa mpango.

"Ndi limeneli, amayi?"

"Ndi limeneli, mwanangu. Koma paboda..."

Princess anali atamasula kale. Chikopa chinali lendee, makatoni a sopo ali poyera. Anatsata mng'alu uja ndi chala kuchokera m'mphepete mpaka paduwa. Esitele anadikira, mtima uli m'mwamba. Kenako mtsikanayo anatukula chikopa pomwe chinamatuka, n'kuika mphuno m'kati mwake, mbali imene inalibe polishi. Anakhala choncho kanthawi.

"Chikununkhabe dizilo," anatero.

Anakhala pansi pomwepo pasitepe, bukulo ali nalo kumaso. Esitele anakhala pambali pake. Anzake aja anaima ndi zipeso m'manja, ndipo panalibe amene anamuitana kuti adzamalizitse tsitsi.