Bokosi Limene a Mphuno Analoleza

Pa fakitale yophwanya mabatire akutha panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Mphuno. Anagwirapo ntchito zaka khumi ndi zinayi pakhomo lolandirira katundu, pomwe malole ankatsitsa mabatire a lithiyamu ochokera m'mafoni, m'malaputopu ndi m'njinga zamoto zoyendera magetsi. Mabatire amenewa amati akutha, koma sakhala atafa. Lina likaphwanyika mkati limayamba kutentha lokha, ndipo likayaka, madzi a m'ndowa salizimitsa. Lisanayake limatulutsa kafungo kotsekemera, konga ka mankhwala ochotsera utoto m'zikhadabo. A Mphuno ankakamva kafungoko lole isanazimitse n'komwe injini.

Bokosi lililonse linkadutsa pamphuno pawo. Akati lili bwino, linkalowa m'shedi, momwe amayi khumi ndi awiri ankasankha mabatirewo ndi kuwamata tepi kumitu asanakaviikidwe m'madzi amchere n'kugayidwa kukhala ufa wakuda. Akapukusa mutu, bokosilo linkapita kudzenje la mchenga kuseri kwa shedi. Kachipangizo koyezera kutentha kanalipo, koma kankangoona zapamwamba, ndipo kapitawo ankakhulupirira mphuno yawo kuposa iko.

Kenako a Mphuno anadwala chimfine. Chinatha patapita sabata imodzi, koma fungo silinabwerere. Woyamba kuzindikira anali akazi awo. Tsiku lina a Mphuno akusita shati anasiya nsimbi pakolala, maso ali pawindo, mpaka mayiwo anathamanga kuchokera kuchipinda.

"Bambo a ana, nyumba yonse ikununkha nsalu yopserera, inu muli pomwepo simukumva?"

"Ndimaganiza zina."

Mayiwo anawayang'ana kwa kanthawi. Anatenga botolo la mankhwala otsukira kuchimbudzi, analitsegula n'kuliika pansi pa mphuno yawo. A Mphuno sanasunthe ngakhale nkhope.

"Mukawauze kuntchito."

"Ndikawauze kuti chiyani? Zaka zapita, bondo ndi ili lowawali. Mukachotsa mphunoyi pa ine patsala chiyani? Ibwerera, tingodikira."

"Mwana wathu amakhala m'shedi muja tsiku lonse."

Mwana wawo wamkazi, woyamba kubadwa, anali mmodzi wa amayi osankha mabatire aja, ndipo ntchitoyo anamupezera ndi a Mphuno omwe.

Kwa masabata atatu ankangoyerekeza. Ankawerama, kukoka mpweya monga mwa masiku onse, koma kwenikweni ankafufuza ndi maso batire lotupa, kapena kukhudza bokosi ndi kuseri kwa dzanja. Akakayika pang'ono ankalitumiza kudzenje. Mpaka kapitawo anadandaula.

"A Mphuno, mwayamba mantha masiku ano? Dzenje ladzaza ndi mabatire abwinobwino, amayi m'shedimu akungokhala manja lende."

Lachinayi, nthawi ya chakudya chamasana itayandikira, kunabwera lole ndi bokosi lalikulu lamatabwa. Munali mabatire a njinga zamoto, osanjikizana mizere isanu. Dzuwa linali likuswa mtengo. Dalaivala anati pakati pa njingazo panali zina zangozi, koma mabatire ake anapatulidwa, kapena tinene kuti iye anamva choncho. Kapitawo analozetsa kachipangizo kaja pabokosilo. Kanaonetsa kutentha, koma tsiku limenelo chilichonse chinali chotentha, ngakhale chitseko cha lole.

"Izi ndi zanu, a Mphuno," anatero kapitawo.

Woyendetsa folokolifiti, galimoto yonyamulira mabokosi, anali mlamu wa a Mphuno, mwamuna wa mchemwali wawo wamng'ono, munthu wosatha nthabwala. Anali atakhala kale pampando, injini ikulira.

"Alamu, tanunkhizani msanga, m'mimbamu mwayamba msonkhano. Kapena mphuno yapita kutchuthi?"

Onse anaseka. A Mphuno anawerama pampata wa matabwa n'kukoka mpweya. Palibe. Zinali ngati kununkhiza galasi. Anazungulira mbali ina, anakokanso. Mabatire a pamwamba ankaoneka osalala, osatupa. A pansi sankaoneka. Dalaivala ankagogoda chiwongolero ndi zala, kapitawo akuyang'ana wotchi.

"Lili bwino," anatero a Mphuno.

Mlamu uja analinyamula, nalilowetsa m'shedi, nalitsitsa pafupi ndi tebulo lalitali la amayi aja, masitepe anayi kuchokera pamene pankakhala mwana wa a Mphuno.

A Mphuno anabwerera pakhomo lolandirira katundu, koma miyendo inakana kukhazikika. Analowa m'shedi ngati akukamwa madzi pampopi. Podutsa anakhudza bokosilo. Linali lofunda. Kodi ndi dzuwa la panjira, kapena ndi za mkati? Anatuluka. Patapita mphindi zochepa analowanso, ati akufuna magolovesi ena. Anakhudzanso. Linali lidakali lofunda, chonsecho linali litakhala pamthunzi. Anadziuza kuti matabwa amachedwa kuzizira. Anadziuzanso kuti belu la chakudya latsala pang'ono kulira, anthu onse atuluka, ndipo iwo apeza njira youzira mlamu wawo kuti alichotse mwakachetechete.

Ataima choncho, anamva mwana wawo akuyankhula ndi mnzake wa pambali pake.

"Asisi, simukumva kafungo kenakake?"

Mnzakeyo anakweza mutu, anakoka mpweya, kenako anaseka.

"Ndikukamva pang'ono. Koma bambo ako anena kale kuti lili bwino. Ife mphuno zathuzi n'zongopumira."

Mwanayo anatembenukira kwa iwo. "Ababa, si kanthu eti?"

Anawayang'ana ndi maso omwe ankawayang'ana nawo ali wamng'ono, akamafunsa ngati galu wa pamsewu amaluma. Mayi wina kumapeto kwa tebulo anatsokomola, napitiriza kumata tepi. Apo m'pamene a Mphuno anaona chimene anachita. Anthu onsewa ankalimva fungolo, koma ankakana mphuno zawo chifukwa cha mawu a munthu amene sankamva kalikonse.

Mawu oyamba anatuluka ngati kunong'ona.

"Tulukani."

"Mwati bwanji, ababa?"

"Tulukani nonse! Siyani chilichonse, tulukani!"

Kapitawo anabwera akuthamanga. "Chachitika n'chiyani? Si inu nomwe mwati lili bwino?"

"Ndanama. Sindikumva fungo ine. Patha masabata atatu mphunoyi ili yakufa."

Kapitawo asanayankhe, m'bokosimo munamveka kaphokoso, tsss, ngati tayala la njinga likuphwa. Kautsi koyera kanatuluka pampata wa matabwa a pansi n'kuyamba kukwawa pasimenti.

Amayi anagwetsa mipando pothawa. Wina anadina belu la ngozi. M'shedimo munali mabokosi ena oposa makumi atatu, onse odzaza mabatire, ndipo aliyense ankadziwa kuti moto ukagwira limodzi, onsewo apita pamodzi ndi denga. Mlamu uja anafika pakhomo la shedi chakudya chili kukamwa, poti anayamba kudya belu lachakudya lisanalire. Anayang'ana utsiwo, anayang'ana a Mphuno. Sananene nthabwala. Anakokera chophimba kumphuno, nalumphira pafolokolifiti.

"Alamu, musatero!" anakuwa a Mphuno.

"Tsegulani chitseko chakumbuyo!"

A Mphuno anathamanga, bondo lowawa lija ataliiwala. Chitseko chachitsulocho chinali cholemera, chokankhira kumbali, ndipo chinakakamira panjanji yake. Anachikankha ndi phewa, kachiwiri, kachitatu, mpaka chinasuntha. Potembenuka anaona folokolifiti ikubwera, bokosi lili kutsogolo, utsi ukubwerera kumaso kwa woyendetsayo. Tsopano sunalinso woyera. M'bokosimo munkaphulika tinthu, pha! pha! ngati miyala ikugwera pamalata.

Kuchokera pachitseko kukafika kudzenje unali mtunda woti munthu amayenda mphindi imodzi. A Mphuno anaona ngati galimotoyo sikuyenda. Mlamu wawo ankayendetsa atapendeketsa mutu kunja, diso limodzi lotseka, akutsokomola. Pakati pa njira lawi la moto linatuluka m'mbali mwa bokosi, lowongoka, lolira ngati la owotcherera zitsulo, ndipo linanyambita chitsulo chimene iye anagwirira. Sanaime. Atafika m'mphepete mwa dzenje anapendeketsa mafoloko ake onyamulira katundu, bokosi linagwera mumchenga, iye nadziponya pansi n'kugubuduzika.

Bokosilo linayaka lonse nthawi imodzi. Mabatire ena ankauluka m'dzenjemo ngati zikuni zoponyedwa. A Mphuno ndi kapitawo anamugwira mlamuyo m'khwapa n'kumukokera kuseri kwa khoma. Dzanja lake lamanzere linali litapsa mpaka m'chigongono, golovesi itamatirira pakhungu, ndipo ankapuma ngati munthu womira.

Ozimitsa moto anathira madzi mpaka dzuwa kupendeka. Akati wazima, unkayambiranso. Shedi inapulumuka, ndipo mwa amayi aja palibe anavulala.

Madzulo omwewo a Mphuno anapita kuchipatala. Pakhomo la wodi anakumana ndi mchemwali wawo, maso ofiira.

"Achimwene, lero ayi."

"Ndingomuona pang'ono."

"Masabata atatu, achimwene. Munadya kwathu Lamlungu lapitali, mukuseka naye. Osanena ngakhale kwa iye?"

A Mphuno anakhala pabenchi ya pakhonde mpaka nthawi yoona odwala inatha. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Tsiku lachinayi namwino anawaitana. Mlamu wawo anali atakhala tsonga, dzanja lokulungidwa mabandeji, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno. Mawu ake anali osasa.

"Adokotala akuti dzanja lichira. Zala ziwirizi mwina sizidzapindikanso bwino. Za m'chifuwa akuti tidikire tione."

"Alamu, ndalakwa."

"Mwalakwadi." Anatsokomola kwa nthawi yaitali, a Mphuno atagwira kapu ya madzi osadziwa ngati amupatse. "Ndikatseka maso ndikumaona chitseko chija chikukana kutseguka. Sindikugona, alamu. Mchemwali wanu musamuuze."

"Inenso sindikugona."

"Ndiye khalani pansi. Mwaima ngati mwabwera kudzandiyeza bokosi la maliro."

A Mphuno anakhala.

Kuntchito anaitanidwa ku ofesi ya bwana wamkulu, ndipo anafotokoza zonse osabisa. Kapitawo nayenso anafunsidwa chifukwa chake chitetezo cha anthu onsewo chinkadalira munthu mmodzi. A Mphuno sanachotsedwe, koma pakhomo lolandirira katundu anawachotsapo. Kuyambira pamenepo bokosi lililonse linkayamba lagona panja masiku awiri, n'kutsegulidwa mzere ndi mzere lisanalowe.

Lolemba lotsatira anawapatsa mpando patebulo la amayi aja. Atalowa, macheza anazima. Ena anayankha moni wawo osadzutsa mutu. Anatenga batire loyamba, koma tepi inamatirira kuzala. Kunja lole ina inaphwetsa mabuleki, tsss, ndipo tebulo lonse linadzidzimuka, mayi wina mpaka anaimirira. Panapita kanthawi anthu asanayambirenso ntchito.

Mwana wawo anasendeza mpando wake pafupi. Sanawayang'ane kumaso. Anawalanda batirelo, nadula tepi ina.

"Simumata choncho, ababa. Mumayamba mutu uwu, kenako uwu. Onani."