Chitofu cha Parafini cha Bambo

Mwana wachisamba wa m'nyumbamo anabwerera kwawo atamera imvi, atanyamula kachitofu ka gasi kokwana m'thumba la malaya. Ankafuna kukweza bambo ake panjinga yamoto kuti akagone kuphiri monga kale, madokotala asanawagoneke m'chipatala.

Atapita kukagula gasi, wamusitolo anakatembenuza kachitofuko n'kuseka. "Achikulire, zitini za gasi zolowa apa kuno kulibe. Kafunseni komwe munakagula."

Anafika kunyumba thukuta lili kamukamu. "Chemwali, chitofu cha parafini cha bambo chija chili kuti?"

"Chomwe munati n'chinyalala tsiku lomwe munafika, achimwene? Ogula zitsulo anatenga kalekale," anayankha mlongo wakeyo, osasiya kusita. "Mukaphike pankhuni."

"Nkhuni zake ziti? Phiri lonse munalimeta mpala!"

"Tinalimeta ife otsala, eti?"

Bambo anali pakhonde atavala kale chipewa cha njinga, kapoto kakale kali pamiyendo.

"Mwanawe, wachiyesa chitofu changa? Chimafuna kupopa kaye chija, usaiwale."

Mwana wachisambayo anangogwada n'kuyamba kuwamanga lamba wa chipewacho, pang'onopang'ono.