Akazi Awiri a Malemu Mateyu

"Bodza limenelo, Sisitere, musalimvere," anatero a Nambewe akuponya makoko a mtedza pansi. "Tsiku limene anagula njinga ananyamula ine. Uyu anatsala akusoka fodya m'chigafa."

"Anakunyamulani chifukwa munali ndi chilonda kuphazi," anayankha a Nankhoma osadzutsa mutu. "Thumba la feteleza nalonso limakwera njinga."

Amayi ena onse anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinangoima pansi pa mtengo wa mango, Baibulo lili chitsegulire m'manja. Cholakwa changa chinali chimodzi: ndinanena kuti mawu a tsikulo achokera m'buku la Mateyu. Sindinadziwe kuti Mateyu linalinso dzina la malemu mwamuna wa amayi awiriwa.

Chinali chaka chimene ndinachita malumbiro anga oyamba. Akuluakulu a chipani chathu cha masisitere anandituma ku nyumba ya amayi okalamba osowa kokhala, kuseri kwa tchalitchi china m'mapiri a ku Ntchisi. Ndinapita ndi mtima wotentha, ndikuganiza kuti ndikaphunzitsa nkhalambazo kukhululukirana zisanakumane ndi Mlengi.

A Nambewe anali mkazi wamkulu, a Nankhoma wamng'ono. Onse anatengedwa chitengwa, n'kukalambira kumudzi kwa mwamuna. Mateyu atamwalira, ana a mlongo wake analanda munda ndi nyumba zomwe. Ana a a Nambewe anali atatha kale kumanda. A Nankhoma sanaonepo mwana. Aliyense analowera kwake, koma amayi a mumphakati wa tchalitchi chathu anakawapeza onse awiri akugona m'makonde a masitolo pa Malomo, wina tsidya lino la msewu, wina tsidya linalo. Kwathuko anawapatsa chipinda chimodzi, poti ndi chomwe chinatsala.

Ankakangana kuyambira kum'mawa. Ankakanganirana sopo, dzuwa la pakhonde, ngakhale nyimbo imene Mateyu ankaimba akaledzera. Ndinawawerengera za kukhululuka, ndinawagwiritsa chanza pamaso pa anzawo, ndinawapempherera korona. Tikangoti amen, wina ankati mnzake wayankha mochedwa dala.

Nditatopa ndinasamutsira a Nankhoma ku chipinda cha kumapeto, kumene tinkasungirako chimanga. Nyumba inakhala bata, ndipo ndinayamika Mulungu. Koma a Nambewe anasiya kutuluka panja. Phala la m'mawa linkabwerera m'mbale osalikhudza. Ndikawafunsa chimene chikuwawa, ankangotembenukira kukhoma.

Masana ena ndikuchokera koyanika zovala, ndinaona a Nankhoma ataima pa zenera la a Nambewe, atatsamira ndodo.

"Kodi mwafa, akulu?" anafunsa. "Ngati mwafa nenani, nditenge bulangete lanulo. Kwanga kukuzizira."

Kenako mawu ofooka anatuluka m'katimo. "Ulikhudze uone."

"Ndiye idyani phala. Munthu wosadya sateteza bulangete."

Madzulo a tsikulo mbale inabwera yopanda kanthu. Ndinanyamula mphasa ya a Nankhoma ndekha n'kuibwezera pamalo pake, ndipo palibe mwa awiriwo amene anandithokoza.

Nyengo ya mvula itatha, kunabwera galimoto yoyera, yofiira ndi fumbi la m'mapiri. Munatuluka bambo wina waulemu dzina lake Tomasi, mwana wa mchimwene wawo wa a Nankhoma. Ankayendetsa galimoto za katundu ku Lilongwe, ndipo anali atafunsafunsa m'midzi yambiri asanapeze azakhali akewo. Anagwada pakhonde, maso ali jenjenje ndi misozi.

"Azakhali, tiyeni kwathu. Chipinda chilipo, chipatala chili pafupi, adzukulu anu akukudikirani."

Mtima wanga unadumpha. Zoterezi n'zimene tinkapempherera tsiku ndi tsiku, ndipo sizinkachitika kawirikawiri. Ndinathamanga kukamanga katundu wawo m'chitenje.

Pobwera ndinapeza a Nankhoma akuyang'ana galimoto ija ngati ng'ombe ya pamsika. "M'chipindamo mungagone anthu angati?"

Tomasi anakanda mutu. "N'chaching'ono, azakhali. Mudzagona ndi ana aakazi awiri. Munthu wina sangakwanemo."

"Pita," anatero a Nambewe, amene anakhala chapatali akuyang'ana kumapiri. "Mwina makutu anga angapumeko."

A Nankhoma anagwira dzanja la Tomasi n'kulisisita. "Mwana wa achimwene, wachita zaumunthu, ndipo Mulungu akuona. Koma tandiuza. Kumeneko ndikadzanena kuti ndinkavina chimtali mpaka anthu kuchokera ku Mvera kudzaonerera, adzanditsutsa ndani? Ana akowo adzangoti inde agogo, maso ali pa foni. Padziko pano watsala munthu mmodzi yekha amene anandiona ndili ndi mano onse, ndipo ndi uyo wakhala apoyo."

"Sunkadziwa kuvina iwe," anatero a Nambewe. "Unkangotimwaza fumbi m'maso."

"Wamva?" a Nankhoma anauza Tomasi, nkhope ikuwala.

Ndinayesa kuwanyengerera. Ndinawakumbutsa za chifuwa chawo, za kuzizira kwa mwezi wa Juni. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandipempha kuti ndimasule katundu uja. Tomasi anasiya shuga ndi majuzi awiri, ndipo kuchokera pamenepo ankabwera Khirisimasi iliyonse.

Ndinakhala nawo zaka zina zingapo. Ndinaleka kuwalalikira za mtendere. Ndinkangowawerengera mawu a tsikulo, n'kukhala pansi kuswa nawo mtedza. Mpaka lero ndikamva fungo la mtedza wongokumba kumene, ndimamva mawu awo awiri akupikisana ngati mbalame za m'mapira.

A Nambewe anatisiya m'mawa wina wa chisanu, nkhungu itaphimba phiri lonse. Amayi a mumphakati atasambitsa thupi n'kuligoneka pamphasa, a Nankhoma analowa ndi ndodo yawo. Tonse tinapatuka. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nkhope ya mkazi mnzawoyo, osagwetsa msozi.

"Ndinadziwa," anatero potsiriza. "Mwathamangira kuti mukafike kwa Mateyu ine ndisanafike. Khalidwe lanu ndi lomwelo."

Kenako anaona duku limene tinawamanga malemuwo, lakale, lothetheka m'mphepete. Anapukusa mutu. Anamasula lawo la maluwa achikasu, limene ankavala pa Misa ya Pasaka pokha, n'kugwada movutikira, mawondo akulira. Ndinafuna kuwathandiza, koma anandikankha dzanja.

"Mateyu asakanene kuti ndinakutumizani ngati wopanda mwini," ananong'ona.

Mfundo inkawavuta. Anaimanga, inamasuka, anaimanganso. Ife tinangoima kukhoma, kuyang'ana mutu wawo wa imvi uli pamtunda m'chisanu chimenecho, mpaka duku linakhala mmene iwo ankafunira.