Ndani Agwire Miyendo ya Mfumukazi

Anesi sanapiteko kusukulu ya unesi. Dzinalo anawapatsa ndi eni agalu, poona mayi wovala zoyera akuzungulirazungulira m'chipatala cha ziweto cha amuna awo, ndipo linawakanirira. Ntchito yawo inali iliyonse imene adokotala ankaiona kuti ndi yaing'ono kwa munthu wa digiri: kulandira alendo, kukolopa mikodzo, kunamiza amphaka kuti jakisoni sapweteka, ndiponso kugwira miyendo yakutsogolo ya galu aliyense amene akujambulidwa ekisire.

M'mawa umenewo anali pakauntala akuyamwa ndimu, ali ndi nkhani imene inkawasowetsa poyambira. Anali ndi pakati. Mzimayi wa zaka makumi anayi ndi kuposerapo, wa imvi m'mbali mwa makutu, woti mwana wake anakwatiwa kalekale! Poyamba ankayesa kuti angosiya kusamba ngati anzawo, mpaka anathokoza Mulungu kuti wawapumitsa. Mulungu anali ndi pulogalamu ina. Kachipangizo koyezera mimba ka ku famase kanawauza zoona, iwo anakatukwana n'kukagula kena, nako kananena zomwezo.

Adokotala anali asanauzidwe. Bamboyo anali mlaliki wa kulera, kungoti mpingo wake unali wa agalu. Munthu ukabwera ndi galu wa bere, usanakhale n'komwe pansi ankayamba: kuswana mwachisawawa si vuto la galu, ndi umbuli wa mwini wake. Ulaliki umenewu Anesi anaumva zaka zonse za ukwati wawo, moti akanatha kuunena ali m'tulo. Anayesapo kuwauza pakumwa tiyi. Anangoti, "Bambo, pali nkhani," adokotala n'kuyankha kuti inde, mankhwala a njoka zam'mimba atsala pang'ono kutha, aitanitse ena. Anesi anaitanitsa mankhwalawo.

Komabe mantha awo sanali pa adokotala. Mwamuna amadabwa pang'ono, kenako amafunsa ngati malaya ake asitidwa. Mantha anali pa mwana wawo wamkazi. Mwanayo anali atakhala pabanja zaka zingapo wopanda mwana. Anayenda m'zipatala, anamwa mapiritsi amitundumitundu, anasala kudya mpaka masiketi kumamuvuka. Mwezi uliwonse ankaimbira amayi ake n'kungoti, "Zakanikanso," ndipo Anesi ankamuuza kuti nthawi ya Mulungu ndi yabwino. Mwana yemweyo, atamva kuti amayi ake akutuluka thukuta kwambiri masiku ano, anawagulira kafani ka pakauntala, akuti ukalamba usawazunze. Tsopano akamuuze kuti nthawi ya Mulungu ija yafika, koma yalakwitsa nyumba? Zimenezi zinkawapweteka kuposa mseru.

Ndiye tsiku loti munthu wadzuka ndi mutu wotere, panja panaima galimoto ya asewere awo, amayi a mkamwini wawo. Perefyumu ndi amene anayamba kulowa, mwini wake pambuyo, chikwama chonyezimira kudzanja limodzi, chingwe kudzanja linalo. Kumapeto kwa chingwecho kunali Mfumukazi, galu woyera waubweya, wogona pasofa, amene ankadya bwino kuposa mlonda wa pageti pake. Mimba yake inatsala pang'ono kukhudza pansi.

"Asewere, ndachita manyazi," anayamba mayiyo asanapereke moni. "Galu wa mapepala uyu, makolo ake odziwika mbali zonse. Geti kungotseguka kamodzi, wakapezana ndi chigalu cha kugalaja, chamutu ngati ndowa, chopanda ndi dzina lomwe."

"Pepani, asewere. Khalani pansi."

"Ndikhale bwanji? Ine ndimapempha mdzukulu, kumwamba akunditumizira ana agalu. Kwa ana athu kuja kuli zii zaka zonsezi. Uyu tsiku limodzi lokha, basi zatheka. Mwina timufunse njira yake, tikawauze."

Pakamwa pa asewere panali poposa wailesi, chifukwa wailesi umatha kuitseka. Nkhani ikalowa m'khutu mwawo, isanafike n'komwe kumutu inali itatulukira kale pafoni, ndipo woyamba kuimbiridwa nthawi zonse anali mpongozi wawo, mwana wa Anesi uja.

Adokotala anatuluka, magalasi ali pamphumi, namukweza Mfumukazi patebulo. Anamusisita mimba, anamvetsera, kenako anatsokomola pang'ono monga amachitira abusa asanatsegule buku.

"Asewere, ndikanena munkati ndikulongolola. Galuyu tikanamutseka kalekale. Kuswana mwachisawawa..."

"Ndi umbuli wa mwini wake, tinamva," anatero Anesi, mokweza kuposa mmene ankafunira.

Adokotala anawayang'ana pang'ono, napitiriza. Anafotokoza kuti bere lakhwima, mafupa a tiana ayamba kuoneka, choncho ino ndiyo nthawi yojambula. Pachithunzi amawerenga timitu ndi timisana, kuti tsiku loswa mwini galu adziwe ngati ana onse atuluka kapena wina watsalira. Komanso poti bambo wa anawo ndi wamutu waukulu, pafunika kuona ngati mitu yotere ingadutse.

"Chithunzicho chionetsanso amene afanana ndi chigalu chija?" anafunsa asewere. "Amenewo ndipereke kwa anthu asanatsegule maso."

"Mafupa alibe mapepala, asewere. Onse amaoneka chimodzimodzi."

Anawonjezera kuti galu wa bere sangamubaye mankhwala ogonetsa. Pafunika manja basi: wina agwire miyendo yakutsogolo, iwo agwira yakumbuyo, batani n'kuliponda ndi phazi.

Chidziwireni Anesi za pakati pawo, makina a ekisire aja anali asanayatsidwepo. Agalu a m'tauni anali atawakomera mtima, osathyoka miyendo, osameza mafupa. Lero mwayi unawathera.

Chipinda chojambulira chinali kumapeto kwa kolido, chopanda windo, chitseko chake cholemera, pamwamba pali kababu kofiira. Adokotala anali ndi lamulo limodzi limene sankachita nalo nthabwala: mzimayi woyembekezera salowa m'menemo. Galu amajambulidwa kamodzi ana ake atakhwima kale, ankatero, koma cheza cha makinawo si choseweretsa pa mwana wa munthu amene akungoumbika kumene. Mzimayi aliyense wofika pachitsekocho ankamufunsa kaye, "Mayi, si oyembekezera?" Anafunsapo masisitere, anafunsapo wapolisi ali mu yunifolomu. Akazi awo okha ndi amene anasiya kuwafunsa kalekale, ngati mmene munthu umasiyira kuyang'ana mafuta m'galimoto yoti inafa injini.

Adokotala anachotsa pamsomali epuloni yamtovu, chimalaya cholemera chotchinga cheza, nawapatsira Anesi osawayang'ana n'komwe.

Anesi anailandira, maganizo akuthamanga. Epuloni imatchinga, si ndiyo ntchito yake? Kamodzi kokha sikangaphe munthu. Alowe, agwire galu, asewere azipita, nkhani idikire mawa, kapena mkuja, kapena mpaka mimba idzayambe kulankhula yokha. Ndipo pansi pa maganizo onsewo panali lina limene ankachita nalo manyazi. Masiku onsewa ankalakalaka mwakachetechete kuti pakatipo pangochoka pokha, adzuke m'mawa wina zonse zili ngati kale, mwana wawo asamve kanthu.

Anafika pachitseko, epuloni ili m'manja. Anaima pomwepo, osalowa. Anadabwa okha. Kanthu koti sanakapemphe, kosaoneka n'komwe, kowasanzitsa m'mawa uliwonse, anapeza kuti akukafuna, ndiponso kwambiri, moti akanatha kumenyana ndi aliyense chifukwa cha iko. Zinawakwiyitsa, koma zinali choncho.

"Sindilowa," anatero.

"Msana wayambanso?" anafunsa adokotala, akulimbana ndi Mfumukazi.

"Msana uli bwino."

"Nanga? Tiyeni, galu akutopa."

"Funsani funso lanu lija."

"Funso liti?"

"Limene mumafunsa akazi a eni ake pachitseko pano."

Adokotala anaima, kukamwa kuli yasa, galu ali m'manja. Pa zinthu zotere digiri sithandiza. Asewere ndi amene anamva msanga. Maso awo anatsika kuchoka pankhope ya Anesi kupita pamimba, n'kubwereranso, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa switi.

"Ayi! Asewere! Inuyo? Pamsinkhu uno?"

"Ineyo."

"Zatheka bwanji?" anafunsa adokotala ndi kamawu kakang'ono.

"Munalipo, bambo. Dokotala ndinu, kapena ndikujambulireni?"

Asewere anaseka chikhakhali mpaka kugwira khoma. "Otilalikira aja! Adokotala, nanga geti lanu linatseguka liti?" Akuseka choncho, dzanja linali litalowa kale m'chikwama, likufufuza foni.

Anesi analiona dzanjalo. Anaona m'maganizo mwana wawo ali kuntchito, akulandira foni ya apongozi ake, akumva nkhaniyi itathiridwa tsabola: amayi ako akwanitsa, iwe ukudikira chiyani? Apo ndiye anavala zilimbe. Anaiponya epuloni ija pamapewa a asewere, naimanga kumbuyo mwamphamvu mpaka mayiyo kubuula.

"Galu ndi wanu, mugwira ndinu. Chikwamacho bweretsani. Foni silowa umu, cheza chimafufuta zithunzi zonse ndi manambala omwe."

Linali bodza lamkunkhuniza. Asewere anatembenukira kwa adokotala. "Zoona zimenezi?"

Adokotala anayang'ana akazi awo, anayang'ana chikwama. Kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo mutu wawo unagwira ntchito.

"Chimafufuta," anatero. "Mpaka nyimbo." Kenako, mwa chizolowezi kapena mwa mantha, anawonjezera, "Asewere, si oyembekezera?"

"Ine ndili ndi manyazi, bambo!"

"Pepani. Lero ndifunsa aliyense."

Chitseko chinatsekeka, kababu kofiira kanayaka. Anesi anakhala pabenchi mu kolido, chikwama cha eni ake chili pamiyendo, natulutsa foni yawoyawo kuti aimbire mwana wawo. Nthawi inali yochepa. Kujambula galu sikuchedwa, ngakhale wogwira miyendo atakhala wa zikhadabo zopenta. Mkatimo munkamveka asewere akukuwa kuti galu akuwanyambita pakamwa, adokotala akuwauza kuti akoke miyendoyo ndithu, si yagalasi.

Foni inaitana. Anesi ankafuna isayankhidwe, ankafunanso iyankhidwe.

"Amayi? Kwagwanji? Ndili pantchito."

"Tatuluka panja pang'ono, mwanawe. Ndikufuna umve kwa ine, usamve kwa wina."

Kunamveka mpando ukukhwekhwerezeka, chitseko, kenako mphepo. "Abambo ali bwino?"

"Ali bwino. Nkhani ndi ya ine. Ndili ndi pakati."

Anesi ankamva galimoto zikudutsa kumene kunali mwanayo. Anali atakonza mawu ambiri, oti sanachite dala, oti nayenso nthawi yake ikubwera, koma onsewo anaoneka opusa, ndipo anangowasiya.

"Simunalowe m'chipinda chija?" anafunsa mwanayo. Anakulira m'chipatalamo, lamulo ankalidziwa.

"Sindinalowe."

"Musalowe." Anapumira m'mwamba. "Apongozi adziwa?"

"Ali momwemo. Avala epuloni, agwira miyendo ya Mfumukazi. Foni yawo ndawalanda."

Mwanayo anaphulika nako kuseka. Anaseka ngati mmene ankasekera ali kamtsikana, mpaka kutsamwa, akubwerezabwereza kuti apongozi, epuloni, apongozi. Anesi nawonso anaseka, akupukuta maso ndi mkono. Sanadziwe pamene kusekako kunasinthira. Anangozindikira kuti zimene zikumveka pafonipo si kusekanso ayi, koma kulira kwa munthu wamkulu amene wadzitseka pakamwa ndi dzanja kuti anzake a kuntchito asamve.

Kababu kofiira kanazima. Adokotala anatuluka, thukuta lili kamukamu, akunyadira ngati anawo ndi awo.

"Asanu ndi mmodzi! Mitu yonse idutsa, palibe..."

Anesi anakweza dzanja, bamboyo anatseka pakamwa. Asewere anatulukira kumbuyo kwawo, ubweya woyera uli mbuu mpaka kutsitsi, dzanja litatambasuka kale kufuna chikwama. Anesi anachiika pabenchi, nachikhalira.

"Amayi," anatero mwanayo, "musadule foni."

"Sindidula, mwana wanga. Ndili pompano."