Mlonda wa m'Laputopu ya Kefasi

"Laputopu iyi, Stefano, ndaimanga moti ngakhale mfiti ingafike pakhomo n'kubwerera yokha," anatero Kefasi m'mawa wa tsiku la ukwati, akuisisita ngati ng'ombe ya malowolo. "Za ine palibe kazitape angazidziwe. Wa kuno, wa ku Zambia, onse amathera pageti."

Kefasi ndi DJ wa pa Boma pano. Ine ndimadyera pakamwa, ndimatsogolera mwambo m'maukwati, ndiye awirife timayenda ngati thalauza ndi lamba. Mnzangayu anakhalako ku Chipata akukonza mafoni m'kakontena, ndipo anabwerako ndi laputopu, magalasi akuda ndi mawu oti "manje" m'malo mwa "tsopano", amene amawatulutsa akafuna kuti mumuope.

Matenda ake ndi nsanje ya nyimbo. Anzake a ntchito yomweyi amabwera ndi fulashi, ati tingotengako imodzi, mawa lake nyimbo zako zonse ukuzimva paukwati wa eni ake. Ndiye sabata imeneyo iye anadzutsa pulogalamu yogwira akazitape yomwe inkangogona m'laputopumo chichokereni ku Chipata. Anaipatsa dzina loti Mlonda, n'kukhwimitsa malamulo ake onse mpaka pothera. Fulashi yachilendo isalowe. Chilichonse chokayikitsa chitsekeredwe osafunsa mwini wake. Wofuna kusintha malamulowo ayambe watchula pasiwedi.

Ukwati unali wa Ruth ndi Innocent, m'holo ina chakufupi ndi Guilleme. Koma Kefasi sanapitire Ruth. Mtima wake unali pa Yankho, mng'ono wa mkwatibwi, ndipo malume a atsikanawa, a Zakeyu, mlimi wa fodya wosalankhula kawiri, anali atamuuza kuti nkhani ya mbetayo ayankha ukwati ukatha.

"Tione kaye kagwiridwe kanu ka ntchito, bambo," anatero pamene tinakawaona. "Munthu woyendayenda timafuna timudziwe masana."

Dzuwa la Okutobala litapendeka pang'ono, holo inali itadzaza mpaka m'mawindo. Galimoto ya akwati inaima pakhomo, maliboni atakulunga zitseko. Aperekezi anandanda awiriawiri, nsapato zikuwala. Kwathu kuno mkwatibwi satsika m'galimoto nyimbo ya masitepe isanalire. Aperekezi amayamba kulowa akuvina zimene akhala akuyeseza, akwati n'kutsatira pambuyo.

Nyimboyo inabwera ndi mayi Esnart, azakhali a Ruth, amene ankaphunzitsa masitepewo. Anamasula mfundo ya pakona pa chitenje n'kutulutsa fulashi.

"Nayi, a DJ. Nyimbo zolumikiza, anatikonzera mwana wa achimwene. Musayambire pakati."

Kefasi anailowetsa. Laputopu inalira kamodzi, pagalasi panatuluka bokosi lofiira.

"Mwaona?" anandinong'oneza monyada. "Mlonda wagwira mlendo."

"Ndaona. Tsopano muuze kuti mlendoyu ndi wa kuchikazi."

Anatsegula malamulo a Mlonda kuti aloleze fulashiyo. Mlonda anafunsa pasiwedi. Kefasi analemba zala zikuvina. Mlonda anakana. Analembanso, ulendo uno pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Mlonda anakananso.

"Sunailembe penapake, aise?"

"Pepala limawerengedwa ndi akazitape."

"Nanga mutu wakowo ukuwerengedwa ndi ndani?"

Pasiwediyo anaipanga yekha, yosakaniza zilembo zazikulu, zazing'ono, manambala ndi tizizindikiro, kuti munthu wina aliyense asailote. Ntchitoyo anaigwira bwino kwambiri.

"Tingoizimitsa n'kuiyatsanso," anatero. Amenewo ndiwo mankhwala a anthu a makompyuta, ngati panado wa kuchipatala chaching'ono.

Laputopu inadzuka, Mlonda n'kudzuka nayo ali ndi mphamvu zatsopano. Anayamba kusecha nyumba yonse. Tikuyang'ana choncho anagwira pulogalamu imene Kefasi amaimbira nyimbo, ija anaipeza kwa mnzake wa pamsika osati kwa eni ake, n'kuiponya m'chitokosi. Nyimbo yomwe inkalira chapansipansi m'holomo sinabwererenso. Munangoti zii, mpaka tinamva mwana akuyamwa kumbuyo.

Tinatenga foni ya Kefasi n'kuilumikiza ku masipika kuti kwaya yomwe inali m'menemo izitseka manyazi. Chingwe chake chinkagwedera, ndiye ndinachimata ndi selotepi mpaka foni inaoneka ngati yathyoka mwendo. Kenako ndinanyamula maiki, poti ntchito ya wotsogolera mwambo ndi kunamiza anthu kuti zonse zikuyenda mwa dongosolo.

"Amayi ndi abambo, chinthu chokoma sachithamangira. Akwati athu akupuma kaye, ulendo wa banja ndi wautali."

Anaseka. Ndinalonjera akuchimuna. Ndinalonjera akuchikazi. Ndinalonjera a mpingo, a kwaya, anzake a mkwati a kuntchito, ndi amayi ophika amene anatuluka m'khitchini ndi zipande m'manja. Ndinasimba ya mkamwini amene anapita kukagula mchere ku Mwami n'kubwerako patatha Khrisimasi. Ndinasimba ina. Kuseka kunayamba kuchepa ngati madzi a pachitsime mwezi womwewo. Pampando wakutsogolo a Zakeyu anakhala chipewa chili pabondo, osaseka, osakwiya, maso pa Kefasi.

Ndinapereka maiki kwa mkulu wa kwaya kuti atsogolere pemphero, ine n'kuthamangira panja.

M'galimoto munali ngati m'chigafa cha fodya wochiza ndi moto. Mawindo anali otseka chifukwa mphepo inkanyamula fumbi lofiira, ndipo diresi loyera linali lobwereka. Choziziritsa cha galimotoyo chinafa kalekale. Innocent anali atamasula tayi. Ruth, amene mwamwambo amayenera kungoweramitsa nkhope mwaulemu, anatsitsa galasi pang'ono. Zodzola zinali zitayamba ulendo wopita kuchibwano.

"Achimwene, kodi banjali tikhalira m'galimoto momwe muno?"

"Pang'ono pokha, mlongo wanga."

"Pang'ono wanuyo ndi uja munanena kale?"

Ndinapita kwa mayi Esnart. "Mayi, bwanji tingoika nyimbo ina? Ya kwaya yomweyi."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Ana awa ayeseza mpaka zidendene kung'aluka. Phazi lililonse lili ndi pake. Muike ina kuti agundane ngati nkhosa, akuchimuna akatiseke mpaka ku Lilongwe? Mkwatibwi satsika."

"Nanga kawayilesi kamene munkayesezera?"

"Kali kumudzi ku Chiosya. Ndikanatenga bwanji, poti tinauzidwa kuti kukubwera katswiri?"

Bambo wina wa jekete anakatenga fulashiyo m'holo n'kuyesa kuilowetsa pafoni yake. Anaitembenuza uku ndi uku ngati akumwetsa mwana phala, koma kamwa la foni linali laling'ono. Laputopu ina m'dera lonselo inali muofesi yokhoma, mwini makiyi atapita kumaliro.

Nditabwerera m'holo ndinapeza Kefasi atavula magalasi akuda. Aka kanali koyamba kuona maso ake masana.

"Ndiuze zoona, aise."

"Ndikuiona pulogalamu yanga, iyo ili m'chitokosimo. Podina kuti ituluke pachita kufa, sipakudinika."

"Muchotse ntchito Mlondayo."

"Ndayesa. Kuti ndimuchotse akufuna pasiwedi."

"Mugoneke."

"Ndikamugoneka akudzuka yekha. Ndinachonga ndekha kabokosi koti asamagone."

Anayesa njira ina, yoyatsa kompyuta ili yosavala, yopanda zokometsera zake zonse. Mlonda anagonadi. Koma asanagone anali atakhoma zibowo zonse za fulashi, ndipo mawu nawo anagona limodzi naye. Kefasi anaiyatsanso mwa masiku onse, bokosi lofiira n'kubwerera pamalo pake ngati wapolisi wa pa rodibuloko.

Pemphero linatha. Mkulu wa kwaya anali atapempherera akwati, mvula, mitengo ya fodya ndi boma, ndipo analibenso china. Anthu anayamba kudzikupizira mphepo ndi mapulogalamu a mwambo. Kumbuyo wina anafunsa mokweza ngati mpunga nawo ukudikira kompyuta.

Pamenepo m'pamene ndinaona kamzere kakang'ono pansi pa bokosilo. Chingerezi changa ndi cha m'minibasi, koma ndinamva kuti kakufunsa ngati munthu waiwala pasiwedi.

"Nanga apa? Bwanji osadina apa?"

"Apo ayi."

"Chifukwa?"

Anayang'ana kwa a Zakeyu, kenako anandikokera pansi pa tebulo ngati tikukonza mawaya.

"Ndikadina apo atumiza manambala otsegulira ku foni. Koma nambala imene ndinalembetsa ndi ya ku Zambia. Ya nthawi ija."

Ife a m'malire tonse tili ndi simu ziwiri, ya kuno ndi ya uko, ndipo timalembetsa zinthu ndi imene ili pafupi tsiku limenelo.

"Ndiye simuyo ili kuti?"

"Ili ndi munthu."

"Munthu wa ndevu kapena wa ndolo?"

Anayamba kuwongola waya amene anali wowongoka kale.

"Kefasi, a Zakeyu unawauza kuti ku Chipata sunasiyeko ngakhale nkhuku."

"Rozi si nkhuku," anatero mokwiya, ngati ndalakwa ndine. "Ndinamuuza kuti ndikukaona amayi, ndibwera. Chichokereni sindinamuimbire. Nambala yanga ya kuno ali nayo, koma anatopa kuimba n'kusiya. Ndikadina apa ndamudzutsa."

Tinatuluka pansi pa tebulo n'kupeza Yankho ataima pamenepo, diresi la aperekezi litamatirira pamsana ndi thukuta. Sanakweze mawu.

"A Kefasi, achemwali ayamba chizungulire. Tawapatsa madzi koma akuti akuona mdima. Chonde, inu mumatha zimenezi."

Anatero n'kubwerera panja. Kefasi anatsala akuyang'ana pamene panaima mtsikanayo. Asadine, Ruth akomoka m'galimoto, a Zakeyu n'kutseka nkhani ya mbeta lero lomwe. Adine, ku Chipata kudzuka munthu. Ndinamumvera chisoni, ngakhale kuti mbali ina ya mtima wanga inkasunga nkhaniyi kuti idzandithandize paukwati wina.

"Mvera," anandinong'oneza. "Ndidina, kenako ndimatula foniyi ndikaimbire kuseri kwa holo. Ndikamunyengerera, andiwerengera manambalawo. Iwe ugwire anthu."

"Ndiwagwire ndi chiyani? Nthabwala zatha. Yatsala ya maliro."

"Imba nyimbo."

Tisanamalize, mpando wakutsogolo unalira. A Zakeyu anaimirira, anavala chipewa, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka patebulo pathu. Holo yonse inawaperekeza ndi maso. Anaima pambali pa Kefasi, mbali imene kunali foni, manja kumbuyo, n'kuweramira pagalasi ngati akuyang'ana fodya pa okushoni.

"Bambo, mwana wanga akupsa panja. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe chovuta, malume. Kangotsala kamodzi kokha."

"Kachiteni, ndili pompano."

Kefasi anayang'ana chitseko cha kuseri. Chinali kutali, ndipo pakati pake panali a Zakeyu. Anadina.

Laputopu inalemba kuti manambala atumizidwa. Kefasi anayamba kusendera cha kufoni, dzanja likufufuza poyambira selotepi.

"Ndingotuluka pang'ono, malume, netiweki muno ndi yofooka."

"Yofooka bwanji, poti iyo ikulira?"

Inkaliradi. Kwaya inadukira pakati pa aleluya, ndipo kulira kwa foni kunadzaza masipika onse, ndi imodzi yomwe tinaika panja yoyang'ana kugalimoto. Kefasi analimbana ndi selotepi, koma ine ndikamata chinthu ndimamata. Zala zake zonyowa zinkangoterereka.

"Yankhani, bambo, mwina ndi thandizo," anatero a Zakeyu. Poona kuti mnyamatayo manja atanganidwa, anatambasula chala chawo cha mlimi n'kudina pobiriwira.

Mawu a Rozi anatuluka bwinobwino, oyera kuposa nyimbo iliyonse imene Kefasi anaimbapo, tambala akulira kumbuyo kwake.

"Atate ake Lonjezo, manje ndiye mwatikumbuka? Pabwera manambala pa simu yanu iyi munasiya. Niwerenge, olo muyambe mwakamba na mwana wanu?"