Mawu Mazana Awiri a Bambo

Achimwene anga a Honest amadziwa zilankhulo zisanu ndi chimodzi, ndipo eni ake a zilankhulo zonsezo anatha kufa kalekale. Anakaziphunzira ku Jeremani zaka khumi ndi ziwiri, n'kupatsidwa udokotala wosachiza ngakhale chimfine. Mwa zina pali Chisansikiriti cha ku India, Chigiriki chakale, Chilatini, ndi cha Ahiti omwe aja a m'Baibulo, chimene akuti chinatsala pa timapale tadothi. Ntchito yawo ndi kundandalika mawu a zilankhulozi n'kumawayerekeza, uku pitar, uku pater, onse otanthauza bambo, mpaka apeze chilankhulo chimene chinabala zonsezo. Chimenecho palibe anachimvapo, palibe anachilembapo. Amachita kuchiumba okha, ndipo liwu lililonse loumba amaliika kanyenyezi kutsogolo. Kumeneko munthu amalandira malipiro pa zimenezi.

Mwezi wa June, chiperoni chili pakati, bambo athu anagwa ndi sitiroko akuchokera kumsika wa Chinakanaka. Atatuluka m'chipatala dzanja lamanja linali litafa, ndipo Chichewa chinali chitawathawa chonse. M'kamwa mwawo munangotsala Chilomwe, chimene anabadwa nacho kutsidya ku Mozambiki.

Ife ana awo Chilomwe sitichidziwa, ndipo mlandu wake ndi wa bambo omwewo. Ali mnyamata wothyola tiyi ku esiteti ankasekedwa kuti Mnguru, ndiye analumbira kuti m'nyumba mwawo simudzamveka Chilomwe. Mayi athu, amene akanatimasulira, anamwalira kale. Anansi athu nawo Chilomwe chawo n'cha moni ndi nyimbo ziwiri zovinira pa chikondwerero, akavala nsalu yofanana. Choncho bambo ankalankhula, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndikumva.

A Honest anafika patatha sabata ziwiri, atavala chijasi chofika m'mawondo. Bambo atawaona anawagwira pamkono ndi dzanja lamoyo lija, nayamba kulankhula nthawi yaitali, misozi ikutsika. Ine sanandigwirepo choncho, ngakhale ndine ndinkawasambitsa ndi kuwadyetsa, ndipo zinandiwawa. Koma zinali zoonekeratu kuti pali mawu amene anasungira mwana wawo wamwamuna, ndipo ankafulumira kuti awatule.

"Achimwene," ndinatero titatuluka panja, "ku Milonde kuli a Elson, aja ankathyola tiyi ndi ababa. Chilomwe amachitha. Ndikwere njinga yamoto mawa ndikawatenge?"

"Dikira kaye, Joice. Iwe sukudziwa chimene chili m'nyumba muno."

"Muli munthu wodwala."

"Muli Chilomwe cha zaka makumi asanu ndi awiri zapitazo, chosakhudzidwa! A Elson akowo chawo n'chosakaniza, muli Chichewa, muli Chipwitikizi. Akangocheza nawo masiku awiri, ababa ayamba kutengera. Undipatse sabata imodzi yokha."

Ndikanakhala munthu wolimba ndikanakwera njinga m'mawa womwewo. Koma kwathu kuno munthu akatsika ndege timamuopa, ngakhale atanena zopusa. Ndinavomera, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo.

Ntchito inayambika. Anatulutsa pepala la mawu mazana awiri, amene akuti akatswiri amayambira pamenepo chifukwa sasintha msanga: madzi, moto, dzino, nsabwe, magazi. Poti bambo Chichewa ankachimva pang'ono koma osachilankhula, achimwene ankafunsa liwu, n'kuloza chinthucho, n'kutchera foni kukamwa kwa wodwala. Anabweretsa kapu ya madzi. Anabweretsa chikuni chamoto mpaka kuchipinda, utsi tolo. Anatsegula pakamwa pawo n'kugogoda dzino ndi cholembera. Tsiku la nsabwe anazungulira mudzi wonse kufunafuna, ndipo amayi ena anawatukwana koopsa powafunsa ngati ali nazo.

Bambo ankayankha, munthu wofatsa. Akatchula liwu ankagwiranso mkono uja n'kuyamba nkhani yawo, achimwene n'kumati, "Eya ababa, eya, tibwerako kumeneko," maso ali pa pepala. Madzulo ankakhala pakhonde kundionetsa mizere. Ankati njira imene azungu anapezera kuti Mgiriki ndi Mmwenye ndi ana a nyumba imodzi ndi yomweyo imene iwo adzasonyezere kumene Chilomwe chinasiyanirana ndi Chimakuwa. Ankatchulanso za msonkhano wa akatswiri wa mu Novembala, nkhope ikuwala. Ine ndinkangosenda nandolo.

Sabata inatha ali pa liwu la nambala 90. Ndinakumbutsa za a Elson.

"Tili pakatikati, Joice. Ukufuna ndisiye ntchito yatheka?"

"Nanga ababa akafa?"

"Iwe ndiye uli ndi malodza. Munthu akudya bwinobwino."

Anamaliza Lachinayi la sabata yachitatu, mawu onse mazana awiri, nandiuza monyadira kuti tsopano ndingathe kukatenga mkulu wanga uja. Ndinapita Lachisanu. Ndinapeza a Elson apita kutsidya kukagula chimanga, ndipo ndinasiya uthenga kwa akazi awo. Loweruka m'mawa sitiroko inabweranso. Bambo sanalankhulenso Chilomwe kapena chilichonse, ndipo Lolemba masana anatisiya.

A Elson anafikira pamaliro. Titaika, tsiku lometa, ndinawaitanira kuseri kwa nyumba pamodzi ndi achimwene.

"Achimwene, tulutsani foni ija. Ababa analankhula masabata atatu. A Elson atiuze zimene ankanena."

Achimwene anazengereza, koma anaitulutsa. Mawu a bambo anamveka, ofooka, ndipo mtima wanga unadumpha. Linali liwu limodzi, kenaka zii.

"Akuti madzi," anatero a Elson.

Linabwera lina.

"Moto."

Kenaka dzino, lilime, nsabwe, phulusa. Mkulu uja anamasulira mokhulupirika mpaka makumi atatu, kenaka anakweza mutu.

"Kodi mwanawe, munthu uja ankangotchula zinthu ngati mwana wa sitandade wani? Nkhani yake ili kuti?"

"Zinazo sindinkajambula," anatero achimwene chapansipansi. "Ndinkaimitsa. Pa njira yathu timayamba ndi mawu paokha, nkhani zimabwera pambuyo."

"Pambuyo pake ndi pano," ndinatero ine.

Achimwene anayamba kufufuza m'foni. Ndiyenera kunena zoona, pamenepo ndinawamvera chisoni pang'ono, koma mkwiyo unali wochuluka. Anapeza kachidutswa kamodzi kotalikirapo, ka tsiku lina limene anachedwa kudina. Tinaunjikana mitu itatu pa foniyo. Bambo analankhula mosadukiza, mofulumira, mpweya ukuwathera, ndipo dzina la Honest linamveka kawiri.

A Elson anapempha kuti abwereze. Anamvetsera atatseka maso, kenaka anamasulira pang'onopang'ono.

"Akuti: Honest mwana wanga, khala pansi, siya pepalalo. Ine masiku anga atha. Pali chinthu ndinakubisira kuyambira uli wamng'ono, amayi ako anandiletsa kunena, koma sindingapite nacho. Honest, tamvera. Chaka chimene unabadwa..."

A Elson anaima.

"Pitirizani," anatero achimwene. "Chaka chimene ndinabadwa chinatani?"

"Apa ndiye wolankhula ndi inuyo, adokotala."

Achimwene anabwezanso kumapeto, nakweza mawu. Tonse tinamva bwinobwino, m'Chichewa chosafuna womasulira, mawu a achimwene odekha ndi aulemu akudula bambo pakamwa:

"Ayi ababa, zimenezo tikamba bwino. Galu. Galu mumati chiyani?"

Kenaka bambo, munthu wofatsa, anawauza.