Liwu Limodzi la Agogo Jacinta

Kunyumba yosamalira okalamba ku Midland, kunja kuno komwe ndimagwira ntchito, agogo Jacinta anatizunguza mitu sabata yathunthu. Anabwera kuchokera ku Colombia kutsatira mwana wawo wogwira ntchito kumigodi, ndipo matenda oiwalaiwala anali atawalanda Chingerezi chochepa chomwe ankadziwa. Kwa ife ankangonena liwu limodzi: "Pi."

Pachingerezi liwulo limatanthauza kukodza, ndiye ife anzerufe tinkathamanga nawo kuchimbudzi, mwina kasanu pa tsiku. Akafika ankangokhala, n'kumatiyang'ana ngati zitsiru. Tiyi ankamukankha, juwisi ankalavula, milomo n'kumauma.

"Iwe Tusekile, aba ambuya bavuta," anatero Prudence, mnzanga wa ku Lusaka. "Tibachepesele vakumwa, mwina bazaleka."

Ndinavomera, ndipo zimandiwawabe mpaka lero.

Lachisanu adokotala anati thupi lawo likuuma, zikapitirira awagoneka m'chipatala. Tinaimbira womasulira Chisipanishi, chiyankhulo chachikulu cha ku Colombia. Anamvetsera agogo akung'ung'udza, n'kunena kuti, "Pepani, ichi si Chisipanishi." Mwana wawo atapezeka pafoni kumgodi, anati kwawo ndi ku Silvia, kumapiri, ndi a mtundu wa Misak, ndipo chiyankhulocho ndi Chiguambiyano, eni ake amati Namtrik. Iye sachidziwa. Mayi akewo ankamuletsa ali mwana, kuopa kuti azisekedwa kusukulu.

Nditaweruka ndinafufuza pafoni ndili m'sitima. Ndinapeza kamndandanda ka mawu a Namtrik, ndi a chiyankhulo chachibale cha ku Totoró, chomwe ochilankhula atsala owerengeka. Konseko pi ndi madzi. Ndinatsika pasiteshoni yotsatira n'kukwera sitima yobwerera.

Ndinatunga madzi apampopi m'kapu, n'kugwada pafupi ndi mpando wawo.

"Pi," ndinatero.

Anamwa osapumira, makapu awiri. Kenako anandigwira dzanja, nkhope itawala, n'kuyamba kulankhula. Mawu ankangotuluka, uku akuseka, uku akuloza pazenera. Ankaganiza kuti apeza wakwawo. Atafika penapake anasiya, n'kundiyang'ana, kudikira yankho.

Ndinalibe liwu lina la kwawo. Chingerezi sichinandibwerere, Chichewanso chimodzimodzi. Ndinangozindikira ndikuwapepesa m'Chinkhonde cha mayi anga a ku Karonga, chomwe ana anga sachimva. Agogo anagwedezera mutu, n'kupitiriza nkhani yawo.